Lamlungu Lopanda Duck

LACHINAYI

Leanne, 10:12
sitima ya 9 koloko Lamlungu mayi. Barnaby akakuchingamirani pa siteshoni ku Cheltenham. mayi ake, a Philippa, akuti aphika nkhosa, akufunitsitsa kukuonani ukwati wathu usanafike

Glenys, 10:40
ndamva duck. ndili pa benchi yanga pamsika anthu mbwee. ndiwatengera ma oatcake, zikondamoyo ndimagulitsazi

Leanne, 10:41
musavutike, sadya zimenezo

Glenys, 10:41
sanalawe. nditenga

Leanne, 10:44
pali kanthu kena. musakwiye plz

Glenys, 10:45
ukayamba choncho ndakwiya kale. nena msanga chiwaya chikupsa

Leanne, 10:47
kumeneko musakatchule munthu duck. ndikudziwa kwathu ku Stoke ndi chikondi, koma kwa anthu ngati awawa zimamveka ngati mukuwatsatsa kabichi

Glenys, 10:52
abusa ndimawatchula duck. dokotala duck. wapolisi amene anabwera kudzandiuza za imfa ya bambo ako ndinamutchula duck ndipo sanadandaule. Philippa ndi ndani kuti adandaule

Leanne, 10:53
tsiku limodzi lokha mayi. komanso mukadzidzimuka musakuwe bloody Nora ngati muli pamsika. iwo amangoti gosh

Glenys, 10:54
gosh. munthu wamkulu wa mano onse mkamwa gosh

Glenys, 10:54
nanga iwo amatchulana chani

Leanne, 10:55
darling. aliyense. ndi galu yemwe

Glenys, 10:55
galu darling. koma wopanda ulemu ndine

Leanne, 10:58
chomaliza. mbale. musakazitembenuze kuti muone komwe anaziumba

Glenys, 11:06
ndinkapenta mbale ku fakitale iwe usanaganiziridwe nkomwe. munthu wa kuno mbale amayamba waiona kunsi

Glenys, 11:07
chabwino tichite malonda. duck ndisiya. gosh ndinena. mbale sindigwira. iwe Khirisimasi udzadyera kuno ndi Barnaby wakoyo

Leanne, 11:08
Khirisimasi tinalonjeza kale kwawo. bwnj chaka chatsopano?

Glenys, 11:08
chaka chatsopano ndimagona ndi nkhuku. Khirisimasi, apo ayi ndibwera ndi bloody Nora wanga mchikwama

Leanne, 11:15
chabwino mwawina

Glenys, 11:15
tagwirizana duck. ameneyo ndi womaliza umusunge bwino

LAMLUNGU

Leanne, 17:05
mwakwera bwino? munachita bwino kwambiri mayi!! a Philippa akuti ndinu munthu wofatsa kkkk

Leanne, 17:06
gosh uja munanena kukhitchini, Barnaby akuti anamveka ngati munabadwira konkuno

Leanne, 17:20
koma munanyamuka msanga bwnj, tiyi osamwa

Leanne, 18:30
mayi?

Glenys, 19:02
ndafika Leanne

LOLEMBA

Leanne, 08:15
mwadzuka bwnj

Leanne, 13:20
anti Noreen adutsa pamsika, akuti benchi yanu njotseka. inu simutseka ngakhale kugwe chipale chofika m'mawondo

Glenys, 13:48
🎤 voice note 0:07
“Ndili bwino Leanne. Ndikupuma. Kupuma ndi mlandu?”

Leanne, 13:49
voice note? inu? si paja mumati olankhula okha ndi foni ndi amisala

Leanne, 13:50
ndipo Leanne ameneyu ndi wachiwiri. dzina langa mumalitchula ndikalakwa basi

Leanne, 13:52
📞 missed call

Leanne, 13:53
📞 missed call

Glenys, 14:10
🎤 voice note 0:51
“Tasiya kuimbaimba, mutu ukundipweteka. Dzanja lamanja ndapsa. Anesi alikulunga ngati khanda, kulemba sindingathe, chiwaya ndiye osanena. Paja ndinapita kukhitchini kukasiya matambula? Ndinapeza mbale yaikulu yabuluu ili patebulo. Yokongola, iwe. Ndiyang'ane uku, ndiyang'ane uko, palibe munthu. Ndati ndingosuzumira kunsiku pang'ono. Osadziwa kuti yangotuluka kumene mu uvuni, amazitenthetsa mbale zawo asanapakule. Kuiponya sindikanatha, ya eni ake. Ndinaitsitsa bwinobwino. Bloody Nora anafika pakhosi penipeni apa, ndinamumeza. Ndinati gosh. Kenako dzanja m'thumba la jekete mpaka kwathu.”

Leanne, 14:13
ndinamva mayi

Leanne, 14:13
ndinali chipinda chinacho. ndinamva, ndinamwetulira

Leanne, 14:14
ndimayesa mwagwetsa supuni

Leanne, 14:16
mukanakuwa ndikanathamanga

Glenys, 14:25
🎤 voice note 0:19
“Ndikudziwa. N'chifukwa chake timakuwa kwathu kuno, kuti wako amve. Basi zatha. Koma pangano la mbale ndaswa ndine, ndiye Khirisimasi kadyereni kwawo. Malonda ndi malonda. Chondiwawa n'choti kunsi kwakeko sindinaoneko n'komwe.”

Leanne, 14:26
musatero mayi

Leanne, 16:40
mayi

LACHIWIRI

Leanne, 11:30
📷 chithunzi

Leanne, 11:31
ndapita kwa a Philippa. mbale ija ndaitembenuza ndekha iwo akuona, ndawauza zonse. agwira pakamwa, gosh atatu motsatizana, misozi mbwembwembwe. akuti akanadziwa akanakuthamangitsirani kuchipatala okha

Glenys, 11:58
🎤 voice note 0:22
“Ya ku Stoke! Ndinadziwa ine, buluu ameneyo sanama. Dzanja langa lapsa ndi mbale ya kwathu, ndiye bola. Uwauze mayiwo asalire, alibe mlandu. Gosh wawoyo kodi amathanso kutulutsa misozi? Sindimadziwa. Ma oatcake aja anataya?”

Leanne, 11:59
anamaliza onse ndi tchizi. akufunsa nambala yanu. akuti tell her darling ndikufuna ena

Glenys, 12:04
🎤 voice note 0:06
“Oyamba anali aulere. Enawo agula ngati wina aliyense.”

Leanne, 13:35
ndili mu sitima. ndatenga tchuthi kuntchito, mawa benchi nditsegula ine. ndipo Khirisimasi ndi kwanu, pangano lija linali loipa kuyambira pachiyambi

Glenys, 13:44
🎤 voice note 0:14
“Ndi timanja tako ta muofesito? Undipsereza katundu. Ndipo makasitomala anga ukangowatchula darling athawira kwa Brenda wa mapayi uja, sadzabweranso.”

Leanne, 13:45
ndinakulira pansi pa benchi imeneyo mayi. ndikudziwa chowatchula

Leanne, 14:30
tadutsa Stafford. ndigule chani?

Leanne, 14:41
mukulemba chani nthawi yonseyi, tumizani voice note

Glenys, 14:47
ndikulmba ndi lamanzre usandifulumize

Glenys, 14:51
mkaka duck