Maliro Amene Tinamubisira Akuzike

Salford, England

Okondedwa achimwene a Rowland,

Muli bwanji ku Zombako, pamodzi ndi alamu ndi ana? Miyendo ija yasiya kutupa? Ife kuno tilipo, kungoti kwazizira ndipo mashifiti a kuchipatala sakutipumitsa.

Nkhani ndi ya mwana wathu Akuzike. Mukudziwa kuti ali ku yunivesite yakalekale ija ya ku America, yosakhala ya boma, imene inamangidwa amishoni asanaponde n'komwe kwathu. Kumadzadza ana a anthu opeza bwino, ena agogo awo anaphunziranso pomwepo. Iye ali yekhayekha. N'chifukwa chake Amayi atatisiya mwezi watha, ndinakukakamizani kuti tisamuuze mpaka amalize mayeso, monga timachitira kwathu. Ndinakupemphaninso kuti foni ya Amayi izikhala yoyatsa ndipo muzitsegula mauthenga ake, kuti asakayikire.

Achimwene, ndinalakwa ine!

Dzulo Akuzike anandiimbira ndili m'basi. Akuti aphunzitsi anawatuma, iye ndi anzake a m'kalasi, kufufuza mbiri ya sukuluyo. M'mapepala akale anapeza wophunzira wochokera ku Nyasaland, amene anapita pa sitima yapamadzi nthawi imene wakuda ankadyera pa tebulo lakelake. Chifuwa chachikulu chinamutenga, anamuika konko kuseri kwa tchalitchi. Akuluakulu a sukulu sanatumize uthenga kwawo, ndiye mayi ake anangopitiriza kumulembera, chaka ndi chaka.

Akuzike anapita kukazula udzu pamandapo. Ankalankhula Chingelezi chake chothamanga chija uku akulira, nandifunsa kuti ndi anthu a mtima wotani amene amasiya munthu azilankhula ndi wakufa. Kenako anati wawatumizira agogo ake uthenga wamawu, m'Chichewa chake chopindikacho, kuwafunsa ngati banja la malemuyo akulidziwa. Akudabwa kuti agogo akumvetsera koma sakuyankha.

Ine ndinangoti mwina ndi netiweki. Ine mayi wake, wa Mvano wathunthu, kunama osaphethira n'komwe! Manyazi anandigwira mpaka ndinapitirira siteji yotsikira.

Mayeso sanathe, ndipo akalephera akhoza kutaya malo amene anawavutikira. Ndikudziwa. Koma ndimuuza Lamlungu lino tikaweruka kutchalitchi. Akakwiya akwiyire ine, chifukwa inu munakana poyamba pomwe, ndine ndinaumitsa mutu.

Pempho langa ndi limodzi. Zimitsani foni ya Amayi. Koma musanazimitse, pitani nayo kumanda, muike pafupi ndi kumutu, muwatsegulire mawu a mdzukulu wawo. Mwanayo akandifunsa ngati agogo anamva, pokhapo ndisaname.

Mundiperekere moni kwa alamu a Agness ndi onse pakhomo. Mulungu akusungeni, ndipo mutikumbukire Lamlungulo.

Ine mlongo wanu,
Fyness