Galu Wanenepa ndi Chakudya cha Bambo

Okondedwa azakhali a Olive,

Lero kwacha ndi mwera kuno ku Mbamba Bay, mafunde akumenya gombe, malata akulira. Ndikhulupirira muli bwino ku Nkhotakotako. Ine kusukulu ndikupita, ngakhale dzanja lamanzere latupa.

Mukukumbukira kuti bambo atawachita opaleshoni ya khansa, pamalo pomwe mmero umalumikizana ndi chifu, daktari anati ikhoza kubwerera zaka ziwiri zisanathe. Anati chakudya chikayambanso kuima pachifuwa, tithamangire kuchipatala. Chiyambire Pasaka bambo ankadyera okha m'nyumba atatseka chitseko, mbale n'kutuluka yoyera. Amayi ankakondwa. Koma ine ndinaona kuti galu wathu Tufani akunenepa, pomwe bambo aboola mabowo awiri atsopano pa lamba wawo.

Lolemba ndinanena zimenezi pamaso pa amayi. Bambo anatola nkhafi. "Iwe ndiwe daktari tsopano? Ukundiwerengera masiku?" Anamumenya Tufani pamutu mpaka anasiya kulira. Nditamufungatira galuyo, nkhafi inatera pa dzanja langa. Amayi anakuwa, "Bambo a Isack, mupha mwana!" Bambo atatopa anapempha madzi. Anamwa, madziwo n'kubwerera pamalaya tonse tikuona.

Tufani ndinamukwirira m'munda wa chinangwa. Sindikudziwa ngati ndinalakwa kulankhula, azakhali. Ngati mungathe bwerani, musadikire Khirisimasi.

Lachitatu bambo, amayi ndi amalume a Kasmir ananyamuka kupita kuchipatala ku Songea. Dzulo basi yatsitsa amayi ndi amalume. Bambo atsala komweko, awagoneka m'chipatala.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Isack