Chimene Chimadya Batire Langa

Lachinayi, 22 Meyi

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga. Kuno tadzuka, ntchito ikuyenda pang'onopang'ono monga mwa masiku onse. Musadabwe kuti ndabwerera ku pepala ndi cholembera ngati kale, komanso kuti zilembo zakula chonchi. Ndili ndi mawu amene sindikufuna kuti adukire pakati monga zakhala zikuchitikira pafoni.

Lamulungu lapitali munandiuza kuti, "Ngati watopa nane ungonena, ndisamakuvutitse." Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, foni n'kuzima. Ndinakhala pampando wa makina osokera nditaigwira m'manja, ikutentha ngati simbi yositira, magetsi atapita, popanda potchajira. Mmene magetsiwo ankabwera n'kuti inu mutalowa kale kuntchito. Achemwali, ine sindinadule foni. Ndingatope nanu bwanji, inu amene munandiphunzitsa kulowetsa ulusi pasingano?

Foni munanditumizira ija yakhala ikundichita chipongwe chiyambire chaka chino. Ndimaichotsa patchaja m'mawa itadzaza, koma pofika masana yayamba kale kulira kuti batire latha. Ndinagula tchaja ina, sizinasinthe. Mayi wogulitsa masamba pafupi ndi shopu yanga anati mwina ndi mavidiyo a pagulu la kutchalitchi, ndinafufuta onse, sizinasinthebe. Lolemba ndinatseka shopu n'kupita kwa wokonza mafoni wa pakona ya msika, amene anthu amangowatchula kuti a Mawaya chifukwa cha zingwe zolendewera pakhomo pawo.

Ndinawauza kuti angondiikira batire lina, koma iwo anati tisathamange. Anaitsegula, n'kupeza kuti batire silinatupe. Anapukuta polowetsera tchaja ndi kaburashi, ndipo munatuluka tiulusi ndi fumbi la m'shopu mwanga mpaka ndinachita manyazi. Kenako anayamba kundifunsa mafunso ngati ndili kuchipatala.

"Mumaisiya pati mukamasoka?"

"Pazenera, pambali pa makina."

"Padzuwa? Mayi, batire limadana ndi kutentha. Bwanji osasunthira makinawo mkati?"

Ndinangoti pazenera pamapita kamphepo kabwino.

Anazimitsa kanthu kamene kamalondola komwe munthu ali, n'kutsekanso timapulogalamu tina timene akuti timagwirabe ntchito ngakhale foni ili m'thumba. Anati m'chipinda changa chogona, mmene netiweki imavuta, foni imatopa ndi kufunafuna. Atafika pamene foni imaonetsa chimene chadya batire kwambiri, analoza pagalasi ndi chala.

"Wakuba wamkulu ndi uyu," anatero. "Kuwala mwakufikitsa kumapeto, ndiponso galasi limakhala loyaka nthawi yaitali mutaisiya. Ndatsitsa mpaka pakati. Taonani, si bwino apa?"

Anandipatsira foni ija. Achemwali, ndinangoona mdima. Ndinaiyandikitsa kumaso, ndinaipendeketsa, ndinapukuta galasi ndi nsonga ya diresi. Iwo sankayang'ananso foniyo, ankayang'ana ine.

"Mungandiwerengereko nthawi yalembedwa pamwambapo?"

Ndinati ndaiwala magalasi kunyumba. Magalasi ndilibe, inu mukudziwa. Sanandiseke. Anati mayi awo anayambanso chonchi, kudandaula kuti mababu a masiku ano ndi osawala, ndipo anandilangiza kuti ndisachedwe kupita kuchipatala cha maso.

Ndinapita Lachiwiri. Adokotala akuti ndi ng'ala, ya diso lakumanzere yakhwima, ya kumanja ikungoyamba. Akuti si zoopsa, amachotsa m'mawa, madzulo munthu n'kubwerera kunyumba, ndipo andilembera pa 9 Julaye. Musade nkhawa. Ndikusokabe. Nsalu zakuda zokha ndi zimene ndayamba kubweza, ndipo ulusi amandilowetsera mayi wa masamba uja, timaseka kuti telala walemba wantchito.

Tsopano mumvetsa za tsiku lija munandifunsa kuti, "Sukuona chasintha?" ine n'kuyankha kuti mwanenepa. Munakhumudwa, ndinamva m'mawu anu. Mwana wanga ndi amene anadzandiuza, ataona chithunzi chanu, kuti munameta tsitsi ndipo mwasiya kudaya imvi. Pavidiyo ndimangoona chinthu chowala chikugwedezeka, ndi mtundu wa malaya anu. Nkhope imene ndimalankhula nayo ndi ija munachoka nayo pasiteshoni ya basi, mutakoleka chikwama chimene ndinasoka zipi yake m'mawa womwewo. Ndinkawonjezera kuwala poganiza kuti mwina muoneka bwino, batire n'kumathera pomwepo.

A Mawaya anakulitsa zilembo, n'kusintha kuti zikhale zoyera pamalo akuda. Akuti pafoni ngati yangayi zimenezi zimasunga moto, ndipo ine ndikuziona bwinoko. Anandionetsanso podina kuti foni izindiwerengera mauthenga. Imawerenga ndi mawu a mzimayi wachilendo amene amapotoza chilankhulo chathu mpaka ndimaseka ndekha m'shopu, makasitomala n'kumandiyang'ana. Anandiletsa kulankhulapo ili patchaja, ndi kudikira kuti itheretu ndisanaitchaje. Masiku ano imakhala m'kabati ya ulusi, pamthunzi, ndipo dzulo inafika madzulo idakali ndi moto.

Pempho langa ndi ili. Lamulungu likudzali muimbe ya mawu okha, osati vidiyo. A Mawaya akuti tikatero batire likhalitsa, ticheza mpaka nkhani zitithere. Zonse zimene mukanandionetsa mudzandiuze pakamwa: chipinda chanu chatsopano, maluwa a pakhonde mumanena aja, ndi agogo amene mumawasamalira kuntchito aja, ngati ayambanso kudya. Mawu anu ndimawamva bwinobwino, sanasinthe. Mukaseka ndimatembenukira kukhomo ngati mwalowa.

Adokotala anafunsa kuti adzandiperekeza ndani, chifukwa pobwerera diso limakhala lomanga. Ndinatchula inu ndisanaganize, kenako ndinakonza n'kunena mayi wa masamba. Mwana wanga sangathe, pakati pake pakula, ulendo wa basi sungamuyenere. Sindikupempha kuti mubwere, ndikudziwa kuti kwanuko tchuthi sichipezeka wamba. Ndangoti mudziwe tsikulo kuti m'mawa wake mudzandikumbuke. Nsalu za makasitomala zimene ndinkaunjika pabedi lanu ndazichotsa, palibe chifukwa chenicheni, ndimangofuna kusesa bwino m'chipindamo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti malaya awo ndikuwakumbukira, muyezo wawo ndikadali nawo ngati mimba sinawonjezere. Mayi wa masamba akupereka moni, akuti ngakhale sanakuoneni, nkhani zanu zawakwana m'makutu. Mdzukulu wanu ali m'njirayo muzimupempherera.

Amene anachotsedwapo ng'ala akuti akamasula bandeji zinthu zonse zimaoneka ngati zochapa kumene. Ndikanakonda chinthu choyamba kuona chisadzakhale khoma la chipatala. Koma ngati lidzakhale khoma, palibe kanthu, ndidzakuimbirani n'kukuuzani mtundu wake.

Tsalani bwino, achemwali. Ndakusowani.

Ine mng'ono wanu,
mzime wa amayi