Chofunda Changa Chapita ku Ntcheu ndi Filiji

Aphungu,

Ndasankha kulemba chifukwa ndikati ndiyankhule pakamwa, aneba athu kuno ku Nellmapius aitana apolisi.

Ndine mayi wa mwana mmodzi, Chiko, ndipo ndimagwira ntchito mu laibulale pa yunivesite ina kuno ku Pretoria. Chaka chatha mnzanga ananditengera ku gulu la amayi a ku Queenswood amene amakumana Loweruka kusoka zofunda za zigamba. Si zigamba zotsekera pong'ambika ayi. Umadula nsalu tizidutswa tofanana, n'kutilumikiza mwaluso, pakati n'kuyala thonje, pansi nsalu ina, kenako n'kusoka zonse pamodzi ndi manja, msoko uliwonse waung'ono ngati njere ya mpunga. Anzangawo amagula nsalu zatsopano n'kuziduladula. Ine ndinatulutsa zitenje zisanu za malemu mayi anga, zimene ndinalandira pogawana zovala maliro atatha. Miyezi isanu ndi inayi, Aphungu, singano ikundilasa zala.

Mwezi wathawu amuna anga, a Kondanani, anagulira mayi awo a ku Ntcheu filiji. Tsiku lotumiza ine ndinali kuntchito. Wonyamula katundu anati filiji sikwera lole yosakulunga, ikalikakalika m'njira, apeze bulangete lakale. Bambo a Chiko analowa kuchipinda, kudumpha mabulangete atatu ogula, kutenga chofunda changa chija, kukulungira filiji, kumanga ndi chingwe.

Nditafunsa anati, "Eish, amake Chiko, ndinasankha dala chazigamba chija kuti ndisawononge zabwinozi." Anaima pomwepo kudikira kuti ndiwathokoze! Munthu ameneyu ankakhala pampando womwewo ine ndikusoka. Nthawi zina ankandilowetsera ulusi pasingano, maso ali pa mpira.

Sizinathere pomwepo. Alamu anga a Falesi anaponya chithunzi pa gulu la banja pa Watsapu: filiji ili m'nyumba, chofunda changa chili pabwalo, ayanikapo ufa. Kenako uthenga wa mawu wa apongozi, akuchita kulira: "Ana anga, mukundigulira filiji chikhalirecho inu mukufunda zigamba? Bwanji osanena?" Sabata yatha basi yatibweretsera phukusi: bulangete latsopano la pamsika, lolemera ngati mwana wa ng'ombe, pakati pali chithunzi cha kambuku. Ndamva kuti anagulitsa nkhuku zawo kuti aligule.

Ndikufuna chofunda changa mvula isanachipeze pabwalo. Palibenso china cha mayi anga chimene ndinatsala nacho. Koma mtengwa amaitanitsa bwanji chinthu chimene chalowa kale pakhomo pa apongozi? A Kondanani akuti ndingosoka china, ati nsanza sizisowa. Ndithandizeni ndisanawakulunge iwowo m'kambukuyu n'kuwakweza lole.

E.M., Nellmapius

Amake Chiko,

Musawakweze lole. Mayi aja analera kale mwana ameneyu kamodzi, basi zakwana.

Kalata yanu ndaiwerenga nditagwira pamutu. Bambo woti amadziwa dzina la goloboyi aliyense wa ku Ulaya, koma chinthu chimene chakhala pamiyendo ya mkazi wake miyezi isanu ndi inayi sakuchidziwa! Mayi amanyamula mwana miyezi yomweyo, ndiye tiyamike kuti wonyamula katunduyo sanapemphe kanthu kofewa kotsamiritsa filiji. Bwenzi Chiko ali ku Ntcheu.

Koma nanunso khalani pansi. M'kalata yanu yonse sindinaone pamene munawauza amuna anu kuti zitenjezo ndi za ndani. Munkasoka chamumtima, n'kumayembekeza kuti aziwerenga misoko. Inu ndi ine tinapita kusukulu, koma tisaiwale kumene tinachokera. Tonsefe tinakula tikubisa chigamba cha payunifolomu ndi kope. Kwathu munthu amasoka zigamba chifukwa chatsopano palibe. Ku Queenswood amadula nsalu yabwinobwino kuti apange zigamba, zimene apongozi anu atamva angati ndi matenda. Iwo sanakunyozeni. Anaona ana awo akuvutika ku Joni ndipo anagwira nkhuku.

Ndiye yambani ndi kambukuyo. Muyaleni pabedi, mujambuleni Chiko atafunda, mutumize ndi mawu othokoza ochokera pansi pa mtima. Ndikudziwa kuti akuwononga maonekedwe a chipinda. Pirirani, Juni wa ku Pretoria sayang'ana maonekedwe.

Lero lomwe imbirani a Falesi, paokha, osati pagulu. Achotse ufa, akung'unthe chofundacho, achipinde, achilowetse m'nyumba. Muwauze momveka kuti asachichape. Akachimenya pamwala mudzalandira tizidutswa tanu tija tili patokhapatokha.

Kwa apongozi musayambe ndinu. Amene anamanga chingwe ndiye amasule. A Kondanani aimbire mayi awo inu muli pomwepo, anene mosazungulira kuti, "Amayi, ndinalakwitsa, ndinakulungira filiji zitenje za malemu apongozi anga." Asatchule za luso, za gulu la Loweruka, kapena za miyezi imene munasoka. Zimenezo sizilowa. Koma mayi wa ku Ntcheu safuna womuphunzitsa tanthauzo la nsalu ya malemu. Mudzaona, adzachita manyazi kuposa mwana wawoyo, ndipo adzafuna okha kuchibweza.

Apo ndiye mulandire foni msanga, manyaziwo asanakule. Muwapemphe kuti pobweza aikemo zitenje zawo zakale zimene zili pansi pa sutikesi, zija samavala koma safuna kutaya, kuti muwasokere chawochawo. Mukatero simunalande kanthu pakhomo pawo, mwangosinthana ngati akazi awiri. Ndipo chibwere m'chikwama cha munthu amene mukumudziwa dzina ndi kwawo. Chinakwera kale lole kamodzi, n'zokwanira.

Za kuti nsanza sizisowa, musakangane ndi a Kondanani. Apatseni simbi. Kachidutswa kalikonse ka chofunda cha mayi awo asite iwowo, ndipo aimbire mayiwo foni kufunsa kuti chitenje ichi anachivala kuti. Akadzamva kuti chobiriwiracho ndi chimene mayi awo anawaberekeramo popita kusikelo, mawu oti nsanza adzatha okha pakamwa.

Chenjezo langa ndi ili. Chofunda cha apongozi chikadzatha musadzachitumize. Mudzapite nacho nokha, mudzachiyale pabedi pawo ndi manja anu, apo ayi Okutobala akadzafika chidzakhala pabwalo ndi mphale. Chanucho chikafika, sokani dzina la mayi anu kuseri, zilembo zikuluzikulu zoti n'kuwerengeka ngakhale mpira uli mkati. Ndipo tsiku limene a Kondanani adzagulire mayi awo sitovu, inu mudzapemphe tchuthi kuntchito.

Aphungu