Nkhata ya mtsikana wosenza zochapa

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno kutsidya kwa nyanja, ku South Bend, kwayamba kuzizira, ndipo chibwabwa changa chapsa ndi chisanu ndisanathyoleko kachiwiri. Mng'ono wanga Tadala wachira ku Lawrence, mwana wamkazi, ndipo am'patsa dzina lanu. Zina zonse zili bwino, koma mtima wanga suli m'malo.

Ku myuziyamu, nyumba yoonetsera zinthu zakale komwe ndimagwira ntchito, tikukonza chionetsero chopita ku Indianapolis. Ndi zojambula za ku Italy, za choko chofiira papepala, za zaka mazana asanu zapitazo. Si za mafumu ayi. Ndi za antchito a m'nyumba: wina akusenda anyezi, wina wagona pampando tsache lili m'manja. Ntchito yanga ndi kuwerenga timawu toikidwa pansi pa chithunzi chilichonse tisanapite kosindikiza. Ndimawerenga katatu. Mukundidziwa.

Pali chithunzi china cha mtsikana wosenza dengu la zochapa. Abwana anga, apulofesa amene aphunzira zimenezi moyo wawo wonse, alemba kuti wavala kachipewa ka akazi osauka. Amayi, si chipewa. Ndi nkhata. Ndayang'ana ndi galasi lokulitsira mpaka maso kuwawa: nsalu yopota, nsonga yake yopisidwa mkati, khosi lili njo, manja onse ali pansi. Ndi mmene munkayendera inu ndi beseni la zovala kunyumba ya azungu ku Namiwawa, mukundiuza kuti, "Ukaipinda mothamanga, Eneless, mutu ukupweteka mpaka Lamlungu."

Vuto ndi loti ndikawauza abwanawo, andifunsa kuti ndadziwa bwanji. Buku lonena zimenezi sindinalipeze. Ndipo ndikuululireni chinthu: nditangoyamba ntchito ndinawauza kuti amayi anga anali aphunzitsi. Zinangotuluka pakamwa tikumwa tiyi. Zaka zonsezi sindinabweze mawuwo, ngakhale pamene ankandipepesa inu mutamwalira.

Timawuto tikupita kosindikiza Lachisanu. Ndikakhala chete, chithunzicho chikhala pakhoma ndi bodza pansi pake, ndipo wodziwa ndikhala ine ndekha. Ndikalankhula, bodza langa lituluka. Imelo ndailemba kasanu, kasanu konse ndafufuta.

Ndiye ndasiya zolemba. Ndaika chitenje chanu chobiriwira chija m'chikwama. Mawa ndikapinda nkhata pamaso pa abwana anga, ndisenze bokosi la mafayilo, ndiyende nalo manja ali pansi. Akandifunsa amene anandiphunzitsa, ndikutchulani, ndi ntchito yanu yochapa zovala yomwe. Ndalonjeza.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Eneless