Malisiti a pa Msomali

Chawama, Lusaka
14 Okutobala 2024

Okondedwa alongo anga, amake Lillian,

Muli bwanji kumeneko ku Katete? Mwendo uja unkakuvutani nthawi yokolola unaleka kutupa? Nanga alamu, chifuwa chawo chikuti bwanji ndi fumbi la mwezi uno? Ife kuno tilipo. Mlamu wanu Sophie ali bwino, ana akupita kusukulu. Ine ndikuyenda ndithu, koma ndatopa kutopa kumene tulo sikuchotsa.

Kuno kwatentha koopsa. Magetsi akubwera maola atatu okha patsiku, nthawi zina osabwera n'komwe. Kabizinesi ka Sophie ka zoziziritsa kukhosi kanafa, firiji tsopano tikusungiramo mbale. Madzi timakaima pamzere, makala nawo akwera mtengo ngati akuchokera kunja kwa dziko. Koma izi si zimene ndakulemberani.

Mudabwa kuti bwanji kalata, foni ilipo. Lillian sayankha ndikamuimbira, ndipo sindikumuimba mlandu. Komanso mawu amene ndinakuuzani pafoni mwezi watha anauluka n'kufika kutali. Awa ndikufuna akhale papepala, kuti aliyense wofuna kuwaona ndi maso awaone. Ndapatsira a Dixon, aja amayendetsa basi ya ku Chipata, akusiyirani pa sitolo ya pamsewu.

Ndiyambe ndi mutu wa nkhani, kuti mtima wanu usapachikike. Lillian sanabe ndalama. Ngakhale ngwee imodzi.

Tsopano ndifotokoze bwinobwino, chifukwa nthawi ija ndinangokuuzani kuti mwana wayamba manja aatali, osakuuzani mmene zinayendera. Mukudziwa kuti ndinamupezera ntchito ya pa tilu, yolandira ndalama, pashopu ya ba Kasonde, yogulitsa simenti, penti ndi malata ku Matero. Ine ndimasunga mabuku a shopu imeneyo, pamodzi ndi mashopu ena awiri. Kwa ba Kasonde ndimapitako Loweruka lokha masana, atatseka kale, n'kukhala ndekha m'kachipinda ka kumbuyo ndi kompyuta.

Anthu ambiri kuno sagulanso ndi ndalama zapamanja. Amapereka khadi la ku banki, kamakina n'kuliwerenga, ndalama n'kuchoka kwa wogula kupita ku akaunti ya shopu. Kamakinako kamatulutsa kalisiti kakang'ono. Pakutha pa mwezi banki imatumiza pepala la ndalama zonse zimene zalowa. Ntchito yanga ndi kuyika pepalalo pambali pa zimene kompyuta ikunena, n'kuona ngati zikugwirizana. Zimasiyana pang'ono nthawi zonse, chifukwa banki imadulako kake pa malonda alionse, ndipo zogulidwa Loweruka zimafika Lolemba. Zimenezo ndimazidziwa ngati njira ya kudimba.

Koma kuyambira Juni kusiyanako kunakula. Kompyuta inkanena kuti tagulitsa zambiri pa khadi, banki n'kumaonetsa zochepa. Pofika kumapeto kwa Ogasiti, dzenje linali K14,620. Ndinayesa uku ndi uku, ndinaimbira a ku banki, ndinaitana munthu amene anatigulitsa pulogalamu ya m'kompyutamo. Iye anabwera, anadinadina, anamwa fanta ya ba Kasonde, n'kunena kuti makina ake sanama.

Ba Kasonde ndi amene anayamba kutchula za kuba. Anati pali njira imene akashiya ochenjera amachita: kasitomala wapereka ndalama zapamanja, iwo aponya m'thumba, m'kompyuta n'kulemba kuti walipira ndi khadi. Anandiyang'ana nati, "Ba Hosea, ndalama siziyenda zeka. Pa tilu pankala muntu umozi chabe, na imwe mumuziba."

Ndinachita manyazi, alongo, ndipo manyaziwo ndi amene anandilamulira. Ndinaganiza za dzina langa, ine amene ndinamubweretsa. Titamuitana Lillian m'kachipinda kaja, anakana. Anayamba kunena kuti tione kumbuyo kwa malisiti, koma ine ndinamudula. Ndinamuuza kuti akhale chete, akuluakulu akulankhula, ndiponso kuti mabuku ndawasunga zaka khumi ndi zisanu, iye asanadziwe n'kuwerenga komwe. Anatseka pakamwa monga munamulerera. Ba Kasonde anagwira malipiro ake a Ogasiti, nati za kupolisi azisiya chifukwa cha ine. Ine n'kuthokoza.

M'mawa mwake ndinamuperekeza kokwerera basi. Nditamupatsa tikiti anandifunsa kamodzi kokha, motsitsa mawu, "Amalume, inunso mwakhulupirira?" Ndinayang'ana kumbali n'kumuuza kuti akafike bwino. Basi isanatuluke m'tauni ndinali nditakuimbirani kale.

Lillian atachoka, pa tilu panakhala ba Mwiche, akazi awo a ba Kasonde. Mwini shopu ankayenda chifuwa chili patsogolo, akuti tsopano khomo latsekedwa. Seputembala atatha ndinayika mapepala pamodzi monga mwa nthawi zonse. Dzenje lija linalipobe, K3,900 yatsopano. Ndinakhala ndikuyang'ana nambalayo nthawi yaitali. Sindikanapita kukauza mwamuna kuti mkazi wake nayenso akumubera.

Osati Loweruka langodutsali, koma linalo, ndinalawirira. Ndinafika shopu isanatsekedwe, ndicholinga chongoona mmene ntchito ikuyendera. Magetsi kunalibe. Ba Kasonde anali atayatsa jenereta kwa ola limodzi, monga amachitira akafuna kusakaniza penti.

Apa mumvetsetse. Magetsi akakhalapo, kamakina ka khadi kamalankhulana ndi kompyuta, malonda amalowa okha. Akazima, kompyuta imagona, koma kamakinako kamagwirabe ntchito ndi batire. Ndiye malisiti a nthawi ya mdima amafuna munthu kuti awalowetse ndi manja pambuyo pake.

Pambali pa tilu pali thabwa lokhala ndi msomali woloza kumwamba, pobayapo mapepala. Kumene ndinaphunzirira ntchito, kwa amwenye ena ku Kamwala, lamulo linali limodzi: pepala la pa msomali ndi losalowetsedwa, lolowetsedwa limapita m'bokosi. Zaka zonsezi msomali kwa ine umatanthauza ntchito imene ikudikira. Choncho Loweruka lililonse ndinkazula malisiti onse pa msomali uja, kuwaphatikiza, n'kulowetsa nambala imodzi yaikulu m'kompyuta. Ndinkadziona ngati malume wabwino, wothandiza mwana ntchito imene sanamalize.

Tsiku limenelo ndinaona ba Mwiche akutulutsa malisiti m'thumba la epuloni. Anatenga limodzi, analilowetsa m'kompyuta, analitembenuza n'kuchongapo ndi cholembera chofiira, kenako n'kulibaya pa msomali. Anatenganso lina chimodzimodzi. Ndinawafunsa chifukwa chake akubaya pa msomali lisiti lomwe alowetsa kale. Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake madzi amanyowetsa.

Anati, "Vonse vili pa nsomali ni vosila. Vamene sininangenese vinkala mu tumba. Lillian ndiye ananipunzisa so."

Ndiye kuti kwa iwo za pa msomali zinali zolowetsedwa kale, zosalowetsedwa zili m'thumba. Ndinapita m'kachipinda kaja, ndinatsitsa bokosi mmene ndinkaponya malisiti a miyezi yonseyi, ndinawakhuthulira patebulo n'kuyamba kuwatembenuza. Lililonse linali ndi kachizindikiro kofiira kumbuyo, pamodzi ndi tsiku, m'malembedwe aang'ono aja a Lillian opendekera kumanzere. Malisiti mazana atatu ndi kanthu anadutsa m'manja mwangamu, ndipo sindinatembenuzepo ngakhale limodzi.

Mwana ankalowetsa, ine n'kudzalowetsanso. Kompyuta inkawerenga malonda amodzi kawiri, banki inkalandira kamodzi. Ndalama zimene tinkasaka sizinakhalepo n'kale. Miyezi imene magetsi anayamba kuvuta kwambiri ndi imenenso dzenje linakula, koma ine maso anga anali pa munthu.

Lamulungu sindinapite kutchalitchi. Ndinapempha makiyi, ndinagula petulo wa jenereta ndi ndalama zanga, n'kukhala tsiku lonse ndi mapepala a ku banki. Lisiti lililonse ndinalipezera mnzake m'kompyuta ndi mnzake ku banki. Manambala aakulu aja ndinkalowetsa Loweruka ndinawafufuta limodzilimodzi, onse olembedwa m'dzina langa. Ndinalemba zimene banki inadula m'malo mwake. Dzuwa likupendeka, pansi pa tsamba panatsala ziro. Zaka zonsezi ziro ameneyo amandisangalatsa ndikamuona, koma tsiku limenelo ndinangozimitsa jenereta n'kukhala pansi pa thumba la simenti.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti Lillian ankagona m'nyumba mwanga. Tinkadya pamodzi tsiku lililonse kwa chaka chathunthu. Funso limene ndinafunsa ba Mwiche, mkazi wa mwini, ndikanamufunsa iye tikusamba m'manja. Sindinafunse, chifukwa sindinaganize kuti mwana wa dzana angakhale ndi njira yakeyake yogwirira ntchito, yabwino kuposa yanga.

Sindikubisirani, Lamulungu lomwelo maganizo oipa anandibwerera. Mabuku anali atagwirizana. Ndikanatha kuuza ba Kasonde kuti kompyuta inasokonezeka ndipo ndaikonza, iwo sakanadziwa kanthu. Ndili ndi ana atatu kusukulu ndi lendi, ndipo mashopu enawo anandidziwa kudzera mwa ba Kasonde omwewo. Ndinamuuza Sophie zonse. Iye sanachulutse mawu. Anangondifunsa ngati kompyutayo ndi imene inaimba foni ku Katete.

Lolemba ndinapita kwa ba Kasonde. Ndinayala malisiti patebulo, ofiirawo ali m'mwamba, n'kuwafotokozera mmene ndakufotokozerani inu. Anakwiya, ndipo anali ndi chifukwa. Anati ndawachititsa kuchotsa munthu wosalakwa, ndipo mashopu onse a m'mbali anamva. Ba Mwiche analira, akuti mtsikana uja ankawapatsa ulemu ngati amayi ake. Malipiro a Ogasiti andipatsa, ali mu envulopu yaing'ono m'kalata muno, K2,200, muwerenge. Akuti malo a Lillian alipo ngati akufuna kubwerera. Kupepesa ndi pakamwa pawo sanapepese, anangoti vachitika vachitika. Za ine akuti ndimalize mwezi uno, kenako adzaona. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndilandira chimene chibwere.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha.

Ndinamva kwa a Dixon kuti nkhani inafika kutchalitchi, ndipo a mpingo anamulanda Lillian bokosi la zopereka za kwaya limene anamupatsa atangofika. Akutinso akalowa m'sitolo anthu amasuntha zikwama. Mawu amenewo sanachokere kwa ba Kasonde, iwo ku Katete sadziwako munthu. Anachokera pakamwa panga, kudzera mwa inu, chifukwa munakhulupirira mlongo wanu. Musadziimbe mlandu pa zimenezo.

Ndikupempha kuti Lamulungu likubwerali, mapemphero akatha, mupemphe akulu a mpingo kuti kalatayi iwerengedwe pamaso pa anthu. Yonse, osadumpha pamene pali dzina langa. Ngati ikutalika, asiye za magetsi ndi firiji, koma za kokwerera basi asasiye. Ndikudziwa kuti kumeneko amanditchula kuti a Hosea a mabuku, ndipo malemu amayi ankanyadira dzinalo. Lisiyeni ligwe. Ine ndili kutali, sindikumana nawo pachitsime. Lillian ndi amene akukumana nawo.

Za kubwerera kuno musamukakamize. Akafuna, tikiti ndidzatumiza, ndipo ngati safuna kukhalanso m'nyumba mwanga, Sophie walankhula kale ndi mng'ono wake wa ku Mtendere. Akapanda kufuna, ndidzamva. Ine ndibwera ndekha mwezi ukatha, ntchito ikhalepo kapena isakhalepo, kuti ndidzakhale pansi pakhomo panu. Zimenezo sizichitika ndi pepala.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo muwauze kuti ndikudziwa kuti ali nane mawu, ndidzawamva. Moni kwa azakhali a ku Sinda mukawaona, kwa achimwene a Josiah ndi banja lawo, ndi kwa adzukulu onse. Sophie ndi ana akupereka moni. Wamng'ono uja amafunsabe kuti asisi Lillian abwera liti kudzamuluka tsitsi.

Kwa Lillian sindikutumiza moni, chifukwa sindikudziwa ngati angaulandire. M'kalata muno ndayikamo lisiti limodzi la pa msomali uja. Mumupatse m'manja. Mumuuze kuti amalume ake atembenuza, ndipo aona.

Khalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Hosea