Penti Wakuda pa Galimoto ya Alamu

Nyimba,
9 Meyi 1988

Wokondedwa mlongo wanga Perpetua,

Ndikhulupilila kalata iyi ikupeza uli bwino kumeneko ku Kitwe, pamodzi ndi ana ndi alamu anga a Mubita. Chifuwa cha Sophia chinaleka? Kuno thupi lili bwino. Anthu ayamba kutola thonje, ndipo mphepo ya m'mawa yayamba kuluma.

Kalata iyi uwelenge uli wekha.

Ukumbuka kuti pa Pasaka alamu anasiya galimoto yawo kuseli kwa nyumba yanga kuno kusukulu, iwo nabwelela pa basi. Anandiuza kuti anagunda mbuzi pafupi ndi Ndake. Bampa ya kutsogolo, ija ya pulasitiki yakuda, inali itang'aluka kumanzele ndi kukalika mpaka kuyela. Anati popeza ndine mphunzitsi wa sayansi, wa digili, ndisankhe penti woyenela ndi kupaka kuti pasaoneke kanthu. Anaseka ponena zimenezo, koma makiyi anagwa kawili m'manja mwawo.

Pulasitiki safuna kupakidwa ali ndi dothi, choncho ndinayamba ndi kutsuka. Mumng'alu muja ndinatulutsamo ulusi wa nsalu yabuluu, ndi kagalasi kofiila konga kaja kamakhala kumbuyo kwa njinga. Kenaka ndinaziika mu envulopu, ndipo sindidziwa chifukwa chake sindinazitaye.

M'masitolo a kuno mulibe kanthu, monga udziwa, ngakhale sopo. Ndinakwela basi kukafuna penti ku Petauke. M'basimo amai ena anali kusimba za a Josiah Lungu, mlimi wa ku Ndake, amene anapezeka atafa m'mbali mwa mseu Loweluka la Pasaka, njinga yawo itapindika. Anati anavala shati yabuluu, ya kwaya ya ku tchalitchi kwawo.

M'sitolo munali zitini ziwili zokha zakuda. China chinali chaching'ono, chosanyezimila, chopangidwila pulasitiki. China chinali penti wa mafuta, uja timapaka mageti ndi mafelemu a mawindo. Wogulitsa anandiuza yekha kuti wa mafutayo sagwila pa bampa. Sanafunikile kundiuza. Zimenezi ndimaphunzitsa ana chaka ndi chaka: pulasitiki amatanuka dzuwa likatentha, penti wa mafuta amauma gwa, ndipo ziwilizi zimasiyana posachedwa.

Ndinagula wa mafuta.

Panjila ndinadziuza kuti kuda kwake ndiko kunafanana bwino ndi bampa. Mwina ndi zoona. Mwina mantha anandisokoneza mutu. Koma mwinanso dzanja langa linachita chimene pakamwa panga palibe mphamvu yochita. Ndadzifunsa masabata asanu ndipo yankho ndilibe. Umandidziwa, ngakhale tili ana ndinali wosatha kunena chinthu molunjika.

Tsopano pentiyo akusupuka ngati khungu la mbatata yophika. M'mawa uliwonse ndipeza tizidutswa takuda pansi, ndipo mng'alu uja ukuonekanso.

Kalipentala wa sukulu yathu, a Cosmas, ndi mphwawo wa malemu a Josiah. Izi ndinazidziwa nditapaka kale. Amadutsa kuseli kwa nyumba yanga popita ku shedi yawo, ndipo masiku ano amachedwa pamenepo. Lachinayi ndinawapeza atagwada patsogolo pa galimoto. Anakanda ndi chikhadabo, chidutswa chonse n'kugwa. Nditawauza kuti inagunda mbuzi, anandifunsa mwaulemu kuti mbuziyo inali yaikulu bwanji. Ndinati sindinaione. Anati n'zodabwitsa kuti munthu wophunzila ngati ine n'kupaka penti wa geti pa pulasitiki, ndipo wochita chotelo amakhala ali pachangu, kapena akufuna wina amufunse.

Sanakweze mawu. Anangoti adzabwela ndi sandipepa Loweluka la sabata yamawa, pa 21, kudzandithandiza kupala zonse kuti tione bwino pansi pake. Anatinso adzaitana a tcheyamani a chipani a m'dela lathu, poti iwo amalemba alendo onse olowa ndi galimoto zawo, ndipo tsiku limene iyi inafika lili m'buku mwawo.

Perpetua, sindikufunsa ngati unadziwa. Ndikupempha chinthu chimodzi. Uwauze alamu abwele tsikulo lisanafike. Tidzapite pamodzi kwa amai a Lungu, akazi a malemuwo, ndi abale awo, akanene ndi pakamwa pawo, ndipo kuchoka kumeneko tidzapite ku polisi. Munthu wobwela yekha amalandilidwa mosiyana ndi wochita kukatengedwa. Ndidziwa kuti ntchito yawo ingathe, ndidziwanso kuti uli ndi ana atatu. Amai a Lungu ali ndi asanu, ndipo mpaka lelo sadziwa amene anawasiya amuna awo mu udzu osaima n'komwe.

Alamu akakana, usandilembele kuti ndibise galimoto kapena ndipakenso. Sindidzatelo. A Cosmas akadzandifunsanso, envulopu ija ndidzawapatsa, ngakhale ukadzaleke kunditchula mlongo wako.

Mulungu akusunge ndi kukulimbitsa pamene ukalankhula ndi amuna ako. Undipelekele moni kwa ana, ndi kwa amalume a Abednego ku komboni ya Chimwemwe, koma iwo usawauze kanthu pakali pano.

Ndine mlongo wako wokukonda,
Stanislaus